Momwe mungathirire feteleza ndi kusamalira maluwa a agapanthus kuno ku Harare

Maluwa a agapanthus, omwe kwawo kwenikweni ndi ku South Africa, amapezeka m'mabwalo ambiri a ku Avondale, Mount Pleasant ndi Mabelreign, ndipo amamasula abuluu kapena oyera kuyambira cha mu Novembala mpaka Januwale. Mizu yake ndi yonenepa ndipo imasunga madzi, n'chifukwa chake amapirira ngakhale mipope itauma.

Mbewu musagule ngati pali mnzanu amene ali ndi phata lalikulu, chifukwa m'malo ogulitsira maluwa mtengo wake ndi wokwera, pomwe ena ogulitsa m'mphepete mwa msewu amakuuzani kuti ndi oyera koma akadzamasula mupeza ndi abuluu. Gawani phatalo ndi fosholo mu Malichi kapena Epulo maluwa atatha, gawo lililonse likhale ndi mizu ndi masamba ake. Dothi lathu lofiira la katondo limagwira madzi, choncho sakanizanimo manyowa owola bwino ndipo musakwirire khosi la mbewuyo.

Pa feteleza ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa apa zinandivutapo. Ambiri a ife tikathira chimanga feteleza wobereketsa wa AN (ammonium nitrate) timatsala ndi pang'ono m'thumba, ndipo timaona ngati n'chanzeru kuwazira maluwa. Chaka chimene anga analandira AN, masamba anatalika mpaka kugwera pansi, obiriwira bii, koma mapesi a maluwa anatuluka owerengeka. AN ali ndi nayitrojeni wokwana 34.5 peresenti ndipo alibe chakudya china, choncho mphamvu yonse ya mbewu imathera ku masamba. Woyenera ndi Compound D wa 7:14:7 (maperesenti a nayitrojeni, fosifeti ndi potashi), amene ali ndi fosifeti wambiri wolimbitsa mizu. Cha mu Seputembala, kunja kukayamba kutentha, wazani dzanja limodzi pa malo a mita imodzi mbali zonse, mozungulira phata koma osakhudza khosi lake, kenaka palirani pang'ono ndi kuthirira madzi okwanira kuti asungunuke. Kuwaza pa dothi louma n'kusiya osathirira kumawaula mizu. Gulani feteleza wa m'thumba losindikizidwa ku sitolo ya zaulimi, popeza wopimidwa m'timapepala nthawi zina amakhala wosakanizidwa ndi mchenga.

Maluwa akafota, dulani mapesi ake m'munsi kuti mbewu isataye mphamvu popanga njere, koma masamba obiriwira asiyeni, chifukwa ndiwo amakonza chakudya cha chaka chamawa. M'nyengo ya mvula tolani nkhono zobisala pakati pa masamba m'mamawa. Mu Juni ndi Julayi chepetsani madzi ndipo phimbirani dothi ndi masamba ouma. Phata musaligawenso mpaka patapita zaka 4 kapena 5, chifukwa agapanthus amamasula bwino mizu ikathinana.