"Tiyeni tilimbikire" si cholinga abale, perekani nambala ndi tsiku

Ine ndili ndi kashopu ka utelala ku Area 25, makina anayi, anthu asanu kuphatikiza ineyo, ndiye zomwe ndikulemba apazi ndazionera pa nyengo ya mayunifomu, Ogasiti kulowa Seputembala masukulu akamatsegulira, pomwe kholo lililonse limafuna zovala za mwana wake mawa lomwe.

Choyamba siyani kuuza anthu anu kuti "tiyeni tilimbikire". Wina akasoka malaya 6 pa tsiku aziti walimbikira, wina 12 nayenso walimbikira, ndiye mudzudzula ndani? Nenani chinthu chowerengeka, masiketi 40 akhale atasokedwa, atasitidwa, ali m'majumbo pofika Lachinayi 4 koloko. Basi. Aliyense akudziwa komwe tikupita.

Izi si nzeru zanga zokha. Ku America mu 1975 a Gary Latham ndi mnzawo anatulutsa kafukufuku wa madalaivala a mathiraki onyamula mitengo, omwe ankangouzidwa kuti chitani momwe mungathere ndipo ankapakira pafupifupi 60 peresenti ya katundu yemwe lamulo limalola. Atawapatsa cholinga chomveka cha 94 peresenti anakwera mpaka kudutsa 90, osawonjezeredwa ndi tambala yomwe pa malipiro.

Koma nambalayo musaitole m'mutu mwanu nokha muli kunyumba. Khalani pansi ndi amene akupalasa makinawo, afunseni kuti tingathe zingati, kenako kwezani pang'ono kuti thukuta lituluke koma osafika poti anthu angoseka n'kugwa ulesi. Muwerengerenso tsiku loti magetsi azima, ndi theka la tsiku lomwe limathera m'minibasi popita ku Old Town kukagula nsalu ndi mazipi. Ife timalemba pa katoni yokhomedwa pakhoma, madzulo aliwonse tisanatseke timadula zomwe zatha n'kuona zatsala zingati, mphindi zisanu zokha, chifukwa cholinga chomwe simuchiyang'ana mpaka tsiku lomaliza chimangosanduka mkangano.

Tsopano mbali yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya momwe mumawaonera anthu anu mumtima. Mu 1968 a Robert Rosenthal ndi a Lenore Jacobson anatulutsa zomwe anapeza pa sukulu ina ya pulayimale ku California. Aphunzitsi anauzidwa kuti ana ena ake ali pafupi kuchita bwino kwambiri, chonsecho mayinawo anangosankhidwa mwachisawawa, koma pomaliza anawo anapitadi patsogolo kuposa anzawo, makamaka a makalasi ang'onoang'ono. Chomwe chinasintha ndi momwe aphunzitsi ankawatengera.

Ine ndinachita zomwezi mobwerera m'mbuyo ndipo zimandipwetekabe. Panabwera mtsikana wina kudzaphunzira ntchito, sabata yoyamba anasoka dzanja la malaya mozondotsa, ine mumtima ndinati ameneyu ndi wochedwa. Miyezi itatu ndinkangomupatsa mabatani ndi ayironi. Sindinamunyozepo, koma akafunsa funso ndinkayankha ndikuyang'ana kwina, iyenso anasiya kufunsa. Tsiku lina mayi wamkulu amene timasoka nawo anandikokera panja nkuti "achimwene, mwanayu munamuyesa liti pa kolala?" Ndinasowa choyankha. Mawa lake ndinamupatsa makolala 10, ndinamuuza kuti ndikuwafuna Lachisanu ndipo ndikudziwa kuti atha, ndinakhala naye pa awiri oyambawo mpaka mzere unawongoka. Atatu anawaphwasula n'kuyambiranso, koma Lachisanu analipo onse. Pano makolala onse amadutsa m'manja mwake.

Ndiye chitani izi sabata ino. Tengani pepala mulembe mayina a anthu anu, pambali pa dzina lililonse lembani ntchito yovuta yomaliza yomwe munamupatsa ndi tsiku lake. Mupeza kuti pali mmodzi kapena awiri omwe mumangowatuma kukagula ulusi. Ameneyo mupatseni ntchito yeniyeni yokhala ndi nambala ndi tsiku, muuzeni pamaso kuti mukuyembekezera kuti aitha, akalakwitsa mukonzereni pambali osati pamaso pa makasitomala, ndipo akafunsa funso imitsani makina anu kaye mumuyang'ane.