Mukamasamuka, dzatsanzikeni kuchipatala

Ndine namwino pa kiliniki ya ma ARV, ndipo chimene chimandiwawa mtima ndi munthu wongosowa. Wapita ku Joni, wakwatiwa ku Mzimba, ife osadziwa. Pakapita miyezi iwiri mankhwala ake atatha, timamulemba m'kaundula kuti wasiya kumwa, n'kuyamba kumufunafuna kumudzi.

Mukadziwa kuti mukusamuka, bwerani kudakali sabata ziwiri kapena zitatu. Tiuzeni kumene mukupita, tisankhire limodzi chipatala chapafupi ndi kwanu kwatsopanoko. Palibe angakukanizeni, ndi ufulu wanu. Tidzakulemberani kalata ya transfer, koma musangoipinda n'kuika m'thumba. Iwerengeni tili pomwepo. M'kalatamo muzikhala dzina la mankhwala amene mukumwa, tsiku limene munayamba, zotsatira za viral load yomaliza (muyeso wa kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi), ndi mankhwala alionse amene sanakuyaneni. Ngati Bactrim anakutulutsanipo zidzolo, zilembedwe. Pemphaninso mankhwala okwanira kukufikitsani tsiku lokaonekera kwinako.

Buku lanu la kuchipatala lisungeni m'pepala la pulasitiki, ndipo masamba ake muwajambule ndi foni. Ndaona mabuku ambiri atanyowa pa lole, inki itasungunuka yonse. Mankhwala akakutherani muli paulendo m'Malawi muno, bukulo ndi limene mungaonetse pa kiliniki ina kuti akupatseni oyembekezera.

Chimene ndikukupemphani kwambiri, abale anga, musakafike kwinako n'kudziyesa munthu watsopano, n'kuyezetsanso magazi ngati simukudziwa kanthu. Ena amatero chifukwa cha manyazi kuti anachoka osatsanzika. Koma ngati tinakusinthani mankhwala chifukwa oyamba anasiya kugwira ntchito, kumeneko adzakubwezerani pa omwe aja, kachilombo n'kuyambanso kuchulukana. Nenani zoona, iwo angatiimbire foni. Zomwezi zikukhudzanso a TB, a shuga ndi a BP.

Nanga akachoka ndi adokotala anu? Failo yanu imatsala pachipatala, sapita nayo, ndipo chinsinsi cha matenda anu ayenera kuchisungabe ngakhale atasiya ntchito. Udindo wawo ndi kusiyira mnzawo zonse zokhudza inu, makamaka zotsatira za magazi zimene sizinabwere. Inu funsani kuti, "Tsopano azindiona ndani, liti?" Ngati chipatala cholipira chatsekedwa osakudziwitsani, kapena akukana kukulemberani mbiri ya matenda anu, kadandauleni ku Medical Council of Malawi ku Lilongwe, bungwe loyang'anira ntchito za madokotala, mutatenga buku lanu ndi malisiti.