Kusankha insulation ya denga la malata popanda kuwononga ndalama

Nyumba ya malata ikamatentha ngati ng'anjo mu October, kutentha kochuluka kumakhala kukuchokera kudenga. Siling'i payokha siletsa zambiri. Chomwe chimathandiza ndi kuyala insulation, kutanthauza zotchinga kutentha monga glass wool kapena rock wool, pamwamba pake. Zonsezi ndi ulusi wa galasi kapena wa mwala wosungunulidwa, ndipo chimene chimatchinga kutentha ndi mpweya wotsekeredwa pakati pa ulusiwo. N'chifukwa chake mukaupanikiza umasiya kugwira ntchito bwino.

Pogula, musayambe ndi kufunsa mtengo wa mpukutu. Yang'anani nambala ya R yolembedwa pa pepala lokutira: ikakula, mphamvu yotchinga yakulanso. Glass wool wamba wochindikala mamilimita 50 amapereka R pafupifupi 1.25, wa mamilimita 100 pafupifupi 2.5. Mipukutu yambiri imakhala mita 1.2 m'lifupi, koma kutalika kumasiyana, ndipo wochindikala kwambiri nthawi zambiri umakhala waufupi. Gawani mtengo ndi masikweya mita a mumpukutuwo, kenako mugawenso ndi R. Yankho laling'ono ndiye katundu wotchipa weniweni. Anthu ambiri amanyamula wa 50 poona kuti mtengo wake ndi wotsika, osadziwa kuti agula theka la ntchito. Ngati pasitolo pali wa 50 yekha, yalani magawo awiri, lachiwiri mopingasa kuti litseke molumikizira loyamba.

Malinga ndi malamulo a zomangamanga a ku South Africa, SANS 10400-XA a mu 2011, denga lonse la nyumba ya ku Johannesburg linkayenera kufika R 3.7. Ku Britain amalangiza mamilimita 270, koma kumeneko akulimbana ndi chisanu cha miyezi yambiri. Kuno kwathu, kaya ndi ku Salima kotentha kapena ku Dedza kozizira, mamilimita 100 mpaka 135 ndi okwanira bwino. Mamilimita oyambirira ndi amene amasintha zinthu kwambiri. Mukamawonjezera, phindu limacheperachepera pomwe mtengo ukukwerabe.

Nanga rock wool? Amapirira moto wopitirira madigiri 1,000 ndipo amachepetsa phokoso la mvula kuposa mnzakeyo, koma ndi wolemera komanso wodula. Glass wool wa mamilimita 100 amalemera pafupifupi kilogalamu imodzi pa sikweya mita, pomwe rock wool akhoza kulemera katatu kapena kupitirira. Pa siling'i ya PVC kapena ya bolodi yopyapyala yokhala ndi timatabwa totalikirana, kulemera kumeneko kumaichititsa kulendewera pakati. Pa nyumba yogona, glass wool ndi wokwanira.

Yalani pamwamba pa siling'i, osati kutsatira malata. Nyumba ya mamita 10 kwa 8 ili ndi siling'i ya masikweya mita 80, koma denga lake litapendekeka madigiri 30 limakwana pafupifupi 92, osawerengera makoma a m'mbali. Pa 80 aja onjezerani masikweya mita 5 mpaka 8 a zodula. Kutsatira malata n'koyenera pokhapokha ngati chipinda chilibe siling'i yafulati, ndipo pamenepo siyani mpata wa mamilimita 50 pakati pa insulation ndi malata.

Musanayale, konzani podontha ponse. Ulusi ukanyowa umaphwatalala, umaleka kutchinga, ndipo chinyezi chimaoletsa matabwa mwakachetechete. Madzi ena sachokera ku mvula: m'mawa wa June ndi July malata amachita thukuta kunsi kwake n'kumadonthera pansi. Choncho musatseke mipata ya m'mphepete mwa denga momwe mphepo imalowera. Ikanimo waya wa maso ang'onoang'ono kuti mpweya uzidutsa koma makoswe, mileme ndi mbalame zitsale kunja, chifukwa makoswe amakonda kumanga zisa mu ulusiwu.

Dulani ndi mpeni wakuthwa mowonjezera pang'ono muyeso wa pakati pa mitanda, kuti ulowe mothina koma osapindika. Kampata kalikonse kosiyidwa ndi khomo la kutentha, ndipo chitseko cholowera kudenga ndi chomwe amisiri amaiwala kawirikawiri. Mawaya a magetsi, makamaka a kuka ndi giza, adutse pamwamba pa insulation, osati pansi pake, kuopa kuti angatenthe. Mababu olowa mkati mwa siling'i asiyireni mpata mozungulira motsatira malangizo a amene anawapanga.

Ntchitoyi igwireni m'mamawa dzuwa lisanakwere, mutathimitsa magetsi pa meni switchi. Valani malaya a manja aatali, magolovesi, magalasi ndi chotchinga mphuno, popeza ulusiwu umayabwa ndipo fumbi lake limatsokomoletsa. Mpukutu muutsegulire m'denga momwemo chifukwa umafufuma ukangomasulidwa. Pondani pa mitanda kapena pa thabwa lopingasa pa mitandayo. Bolodi ya siling'i singanyamule munthu.