Mlaza wa kuchigwa: momwe tingaukonzere kuti ukagulidwe bwino kumtunda

M'misika ya kuchigwa cha Shire kuno, kuyambira pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu mpaka ku Bangula ndi pa boma la Nsanje, simungasowe mkeka, mphasa, chipewa cha mlaza kapena tsache. Manja oluka alipo ambiri, ndipo lusoli si ladzana. Pamene David Livingstone ankakwera mtsinje wa Shire mu 1859, anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ulusi ndi kuwomba nsalu zawozawo. Makolo ankagonanso m'fumba, mkeka wa mlaza wosokedwa mbali zitatu, pothawa udzudzu wa m'madambo. Komabe katundu wathu lero akakwera phiri kupita ku Blantyre, kawirikawiri amakafika atathothoka m'mphepete, atachita nkhungu, kapena mikeka iwiri ya munthu mmodzi ili yosiyana muyeso. Zikatero wogula ndiye amatchula mtengo, wogulitsa n'kungovomera poopa kubwerera ndi katundu. Zambiri mwa zolakwikazi zimachitika woluka asanakhale n'komwe pansi kuti ayambe kuluka, ndiye tiyambire kuthengo.

Mlaza ndi masamba a mgwalangwa, makamaka umene udakali chitsamba. Tsamba lolukira ndi lija lapakati, losongoka, limene silinatambasuke. Ndi lofewa, loyera mkati, ndipo limapindika osathyoka. Pansi pa tsambalo m'pamene pali mtima wa mtengowo, pomwe masamba onse atsopano amatulukira. Mukadula ndi khasu kapena nkhwangwa, mumavulaza mtimawo ndipo tsinde limenelo limafa. Tengani mpeni wakuthwa, dulani tsamba lokha chapamwamba ndithu, musiye phesi lake. Mgwalangwa sufulumira kutulutsa masamba, choncho musatenge lililonse lomwe latuluka. Mukadula limodzi, lolani awiri otsatira atambasuke kuti mtengo uzipeza chakudya. Chitsamba chimene chikudulidwa mosapumira chimayamba kutulutsa masamba aafupi ndi oonda, ndipo masamba otere amachulutsa malumikizo pamkeka. Wogula wodziwa amayendetsa chala pamkeka kufuna malumikizo amenewa.

Pali anthu enanso amene amafuna mtengo womwewu. Amene amakha uchema, mowa wochokera ku mgwalangwa, amadula mutu wa tsinde tsiku ndi tsiku kuti madzi azituluka, ndipo tsinde lokhedwa kwambiri silichira. Ng'ombe ndi mbuzi, zomwe kuchigwa kuno n'zambiri, zimadya masamba anthete m'chilimwe msipu ukauma, ndiye kubwerenso moto wolusa wa osaka mbewa. Ine sindinena kuti uchema uthe, nawonso ndi ndalama ya pakhomo la wina. Koma nkhaniyi ikambidwe pabwalo la amfumu pamodzi ndi komiti yoona zachilengedwe ya m'mudzi, kuti padziwike dera la oluka, dera la uchema, ndi dera lopumitsa chaka chimenecho. Amene muli ndi zitsamba za mlaza m'munda mwanu, musazitenthe pososa. Limani mozizungulira.

Kwa a bango ndi gumbwa, amene mumalowa m'dambo la Elephant Marsh kapena m'mphepete mwa Shire, mukudziwa kale za ng'ona ndi mvuu: musalowe nokha, ndipo musatume ana. Dambo limeneli linalembedwa mu 2017 pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. M'nkhalango za Lengwe, Majete ndi Mwabvi musalowemo kukadula kanthu popanda chilolezo. Funsani kudzera m'makomiti a midzi yozungulira nkhalangozo. Bango dulani lokhwima, madzi ataphwa. Nsungwi za malichero ndi madengu nazonso zidulidwe zokhwima, nyengo yopanda mvula, ndipo mukaziviika m'madzi kwa masabata angapo musanazing'ambe, tizilombo tofumbula sitizikonda kwenikweni chifukwa chakudya chake chimakhala chitasukuluka.

Tsopano kuumitsa, pomwe ambiri timataya katundu tisanamuone. Dzuwa la kuno si la ku Thyolo. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mlaza wosiyidwa pamtetete tsiku lonse umauma mopitirira, n'kuyamba kuthetheka poupinda. Tambasulani tsambalo, patulani timasamba take, muyanike padzuwa la m'mawa lokha, kenako mupititse pamthunzi pomwe mphepo ikudutsa. Musayanike padothi. Fumbi likalowa mu mlaza wauwisi silichokanso, ndipo kuyera kuja kumene ogula a m'tauni amakufuna kumakhala kwapita. Yanikani pathandala kapena pachingwe, madzulo mulowetse kuthawa mame. Mlaza wouma bwino mukaupinda pachala umabwerera osasweka. Ukasweka, waumitsitsa, ukasiya chinyezi pachala, sunaume, ndipo mukaumanga mtolo uchita mawanga akuda pasanathe sabata.

Pong'amba, chotsani msana wolimba wa katsamba kalikonse. Musautaye, ndi umene umapanga matsache komanso mtima wa madengu osoka mozungulira. Chimene ndikufuna mugwiritse apa ndi kukula kwa timizere tomwe mukung'amba. Ambiri timang'amba ndi chikhadabo, kuyeza ndi maso, ndiye wina umatuluka waukulu, wina waung'ono, mkeka n'kumaoneka wokhotakhota. Khomani timisomali tiwiri kapena masingano awiri pakathabwa, motalikirana monga mukufunira, muzikoka tsamba pakati pake. Timizere tonse tituluka tofanana. Tating'ono timachedwetsa ntchito koma timapereka mkeka wosalala womwe mungautchulire mtengo wokwera. Tatikulu n'toyenera mkeka woyanikira ufa kapena wokhalira pabwalo. Zonse zili ndi msika wake, bola musasakanize pamkeka umodzi. Musanaluke, wazani madzi pang'ono kapena kulungani mlazawo m'chiguduli chonyowa kuti ufewe, ndipo munyowetse wokhawo womwe muumalize tsiku limenelo.

Za utoto ndinenepo mwachidule. Wa m'sitolo uja wofiira, wobiriwira ndi wapepo umagwira bwino mukauwiritsa pamodzi ndi mlaza, kenako n'kutsukuluza mpaka madzi atayera, n'kuyanika pamthunzi. Yesani popukuta ndi kansalu koyera konyowa: kakadetsedwa, dziwani kuti mkekawo ukadetsa chovala cha wogula ndipo sadzabweranso. Poto wa utoto asabwererenso kukhitchini. Ogula ambiri a m'mahotela ndi alendo akunja amakonda mlaza woyera wosakaniza ndi mtundu umodzi wodera kapena wakuda, kusiyana ndi mitundu isanu pamkeka umodzi. Makoko a anyezi owiritsa amapereka mtundu wachikasu chodera, ndipo makungwa owawa mukawawiritsa pamodzi ndi zitsulo zadzimbiri amadetsa mlaza. Makungwawo tengani kunthambi kapena mbali imodzi ya mtengo, osausenda kuzungulira.

Kusunga ndi nkhani yaikulu kuchigwa chifukwa cha madzi. Tonse tikukumbukira madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Ngakhale chaka chopanda kusefukira, pansi pa nyumba pamachita chinyezi ndipo chiswe sichigona. Mlaza wouma ndi katundu womalizidwa zikhale pamwamba, zomangiriridwa kudenga kapena pathandala losagunda khoma, kutali ndi utsi wa kukhitchini pokhapokha ngati mukufuna zidere. Musatsekere m'thumba la pulasitiki, limasunga thukuta. Mikeka ikulungeni, musaipinde. Ndipo nzeru ndi kukolola ndi kuumitsa mlaza wokwanira mvula isanayambe, kuti m'miyezi ya dzinja, mukaweruka kumunda, muziluka ndi mlaza wabwino m'malo mothamangira wauwisi umene suuma.

Katundu wa kumtunda amafuna muyeso. Mwini malo ogona alendo akafuna timikeka 24 toika pansi pa mbale, amafuna tonse tifanane, kuti akatisanjikiza tisasiyane ngakhale ndi chala. Gulu lanu likhale ndi tepi yoyezera imodzi ndi zitsanzo zodula pakatoni, ndipo munthu mmodzi wamaso akuthwa, amene saopa kubweza katundu wa mnzake, aziona chilichonse chisanalowe mumtolo. Ntchito imeneyi imadanitsa, n'chifukwa chake ndi bwino kugwirizana poyambirira kuti wobwezedwa asakwiye, akagulitse katunduyo pamsika wa pafupi. M'mphepete mwa mkeka ndi pazogwirira za dengu ndi pomwe pamayamba kutha, ndiye sokani kawiri ndipo nsonga zonse zilowe mkati. Ganiziraninso za ulendo. Kuchoka pa boma la Chikwawa kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 50 okha, koma wochokera ku Nsanje kapena ku Marka amalipira kwambiri, ndipo m'minibasi katundu wotupa amamulipiritsa ngati munthu. Madengu olowetsana, laling'ono m'kati mwa lalikulu, amatenga malo a dengu limodzi. Mlendo wokwera ndege sanganyamule mphasa, koma kadengu, kachikwama kapena timikeka ta patebulo amatenga mosavuta.

Pa mtengo m'pamene ndimadandaula kwambiri. Amayi ambiri amawerengera utoto ndi thiransipoti basi, ngati kuti mlaza unabwera wokha ndipo masiku oluka anali opuma. Werengani tsiku lokadula, masiku oumitsa ndi kung'amba, masiku oluka ndi kusoka, ndipo tsiku lililonse lathunthu muliike pa ndalama imene munthu amalandira pa ganyu wa tsiku kwanuko. Onjezani zogula, ulendo, chiphaso cha pamsika, ndi phindu pamwamba. Mukapeza kuti mtengo wake palibe angaulipire pamsika wa Ngabu, ndiye kuti katunduyo ndi wa msika wina, kapena muluke chinthu chaching'ono chotha msanga. Mitengo muziyiunikanso kawirikawiri. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, utoto, sopo ndi thiransipoti zinakwera, koma oluka ambiri anakhalabe pa mtengo wakale kwa nthawi yaitali. Wopikula akhale ndi mtengo wake, wogula chimodzi akhalenso ndi wake, ndipo amene waitanitsa katundu wambiri apereke kaye gawo la ndalama kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba musanadule tsamba ndi limodzi lomwe.

Zionetsero zilipo. Chachikulu ndi cha zamalonda chimene bungwe la eni malonda ndi mafakitale la MCCCI limakonza pa Chichiri mu Blantyre, ndipo palinso zionetsero zaulimi za m'maboma ndi masiku a chionetsero cha kumunda amene alangizi timakonza. Malo a pa chionetsero chachikulu amalipiridwa, choncho pitani ngati gulu, ndipo funsani msanga ku ofesi yoona zamalonda kapena zachitukuko cha m'midzi kukhonsolo. Musaunjike katundu yense patebulo. Ikani zochepa zabwino kwambiri poonekera, zina zikhale pansi. Chilichonse chikhale ndi kapepala kolembapo dzina la gulu, mudzi, boma, muyeso ndi mtengo. Mmodzi akhale pambali akuluka, chifukwa munthu amene waona zala zikugwira ntchito sanenerera mopanda chisoni. Tengani kope lolembamo manambala a mafoni a ofunsa ndi zimene afunsa, pakuti phindu lenileni la chionetsero limabwera m'maoda a pambuyo pake. Potumiza zithunzi pa WhatsApp kapena Facebook, jambulani m'mawa panja, katundu ali pansalu ya mtundu umodzi, tepi yoyezera ili pambali.

Kumeneko mukakumananso ndi anthu ofunsa zinthu zakale: mitsuko ya agogo, mikanda, ng'oma, makasu osula, mipando ya mafumu. Apa chenjerani. Lamulo la dziko lino loteteza zipilala ndi zinthu zakale sililola kufukula kapena kutulutsa zinthu zotere kunja popanda chilolezo cha boma. Za kumanda, za kudambwe, ndi za malo opatulika ngati kachisi wa Mbona ku Khulubvi si za munthu mmodzi woti angazigulitse. Makoza a minyanga ya njovu, mano a mvuu ndi zikopa za nyama zotetezedwa ndiye musayerekeze n'komwe, ngakhale zitakhala za malemu agogo anu. Chisinthireni lamulo la nyama zakuthengo mu 2017, chilango chimatha kufika zaka 30 m'ndende. Ngati pakhomo pali chinthu chakale chimene mukufuna kudziwa mbiri yake, funsani a nyumba yosungira zinthu zakale pa Chichiri. Koma fumba, dengu kapena mkeka wakale wa maluko omwe achinyamata sakuwadziwa, musaugulitse. Usungeni pagulu ngati chitsanzo, mupemphe agogo amene akadali ndi maso akuonetseni kalukidwe kake, muluke watsopano, ndipo wofunsa uja mumuuze poyera kuti ndi woluka chaka chino potengera wakale.