Kuchepetsa nitrous oxide pamalo oyeretsera madzi a suweji

Amene timagwira ntchito kumathanki a suweji tinazolowera kudalira mphuno, koma nitrous oxide simungamumve pakati pa fungo lonse lija. Komatu lipoti la 2021 la IPCC, gulu la United Nations loona za kusintha kwa nyengo, likuti kilogalamu imodzi ya mpweyawu imatenthetsa dziko mofanana ndi makilogalamu 273 a carbon dioxide pa zaka 100.

Gwero lake ndi biofilm, zoterera zija zomata pamiyala ya trickling filter (thanki ya miyala yomwe suweji imawazidwa pamwamba pake) kapena pa timapulasitiki toyandama ta MBBR (thanki yomwe timapulasitikito timayendayenda m'madzi a suweji), njira yomwe inayambira ku Norway cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Tolani kapulasitiki kamodzi mukapalepale ndi chala. Pamwamba pali mabakiteriya osandutsa ammonia kukhala nitrite, kenako nitrate, ndipo amafuna okosijeni. Pansi pawo, komwe okosijeni safika, kuli ena osandutsa nitrate kukhala naitrojeni wabwinobwino. Gulu lililonse likasiyira ntchito panjira, nitrous oxide amatuluka.

Ine ndimayambira pa nitrite. Muyezeni kawirikawiri, ndipo akayamba kukwera dziwani kuti kwinakwake kwavuta, ngakhale madzi otuluka akuoneka oyera.

Kenako onani okosijeni. Mita ikawerenga mamiligalamu 2 pa lita, umenewo ndi wa m'madzi. M'kati mwa zoterera wofikamo ndi wochepa kwambiri, n'chifukwa chake MBBR imafuna wochulukirapo kuposa thanki wamba. Koma musatsegule bulowa, makina opopera mpweya m'thanki, mpaka mapeto poganiza kuti mwathana nazo. Thovu lambiri limangokankhira kunja nitrous oxide yemwe mabakiteriya apansi akanatha kumudya, magetsi nawo n'kumangopita. Onetsetsaninso kuti madzi obwezeredwa kuthanki yopanda okosijeni, komwe nitrate amasandutsidwa naitrojeni, sakupita ndi okosijeni wambiri, poti amalepheretsa sitepe yomaliza yeniyeniyo, yosandutsa nitrous oxide kukhala naitrojeni.

Chomwe ambiri amachinyozera ndi katundu wobwera mwadzidzidzi. Galimoto yopopa zimbudzi ikakhuthula zonse nthawi imodzi, kapena mukabweza kamodzin'kamodzi madzi ofinyidwa m'matope, ammonia amachuluka kuposa mphamvu ya mabakiteriya. Asungeni m'thanki yapadera, muziwalowetsa pang'onopang'ono, makamaka usiku pamene madzi ochokera m'makomo achepa. Madalaivala amadandaula, inde, koma apa ine sindigonja.

Mabakiteriya apansi aja amafunanso chakudya cha kaboni. Chikachepa, lowetsani suweji yosayeretsedwa pang'ono kuthanki yopanda okosijeni ija, kapena methanol ngati thumba likulola.

Osaiwala pH, muyeso wa asidi m'madzi. Miligalamu iliyonse ya naitrojeni wa mu ammonia imadya pafupifupi mamiligalamu 7 a alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi), choncho madzi amayamba kukhala a asidi. pH ikatsika pansi pa 7, thirani laimu. Ngati muli ndi trickling filter, tokosani timabowo ta mikono yozungulira yowaza madzi ija tikatsekeka, kuti madzi azigwa mofanana pamiyala yonse, ndipo chotsani zinyalala m'mipata yolowera mpweya pansi pake.