Mmene khoma limasinthira mamangidwe a denga lolimbana ndi mphepo ndi chivomezi

Mphepo kapena chivomezi zikakankha nyumba cham'mbali, khoma lomwe lawombedwa limapereka pafupifupi theka la mphamvuyo ku maziko, theka lina ku denga. Dengalo limagwira ntchito ngati mtanda wogona, n'kutumiza mphamvuyo ku makoma a m'mbali. Choncho yambani ndi khoma.

Werengani kulemera kwake. Khoma la njerwa lokhuthala mamilimita 230 limalemera makilogalamu opitirira 400 pa sikweya mita imodzi, pomwe la matabwa ndi lopepuka kwambiri. Pa chivomezi, khoma lolemera limakoka denga mwamphamvu, ndipo apa ndi pomwe nyumba zambiri zimagonjera. Pa zivomezi za ku San Fernando mu 1971 ndi ku Northridge mu 1994, m'dziko la America, makoma a konkire anasiyana ndi madenga a matabwa chifukwa thabwa lowalumikiza linang'ambika motsata mizere yake. Musadalire misomali yomwe ingazulike. Ikani zitsulo zomangirira zolowa m'konkire ya ring beam (lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma), zotalikirana osapitirira mita 1.2, ndipo zilumikizane ndi mitanda yodutsa mpaka khoma la tsidya lina.

Kenaka yang'anani mtunda wa pakati pa makoma olimba. Denga la plywood (matabwa opyapyala omatidwa pamodzi) lokhomedwa m'mphepete monse lisatalike kupitirira kanayi m'lifupi mwake. Ngati m'mphepete mulibe matabwa ochirikiza, katatu. Mukatalikitsa mtundawo kawiri, mphamvu yokoka ring beam imakula kanayi, ndiye zitsulo zake zisaduke pa ngodya.

Khoma lodzaza mawindo ndi zitseko musaliwerengere ngati lolimba. Malata okhomedwa pa mapalini (matabwa onyamula malata) okha sapanga denga logwira ntchito ngati mtanda wogona. Onjezani timitanda topingasa.