Katundu achoke pansi mvula isanagwe: mathandala ndi mashelefu opanga nokha

Alimi anzanga a kuno kum'mawa kwa Zambia, nyengo ino ya pakati pa kukolola ndi mvula yoyamba ndiyo yokonza m'nyumba. Tikabwerako ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti timatsala ndi Seputembala ndi Okutobala basi. Novembala akafika mtima wa aliyense uli kumunda, ndipo palibe angakhale pansi n'kumasema nsungwi khasu likumudikira. Pempho langa ndi limodzi: chilichonse chimene chili pansi m'nyumba mwanu chikwere m'mwamba, ndipo chitalikirane ndi khoma.

Ndikamayendera mabanja, kaya m'midzi ya ku Chadiza ndi ku Katete, kaya m'makomboni a m'Chipata monga Kapata ndi Mchini, zimene ndimapeza kuseri kwa chitseko n'zofanana. Thumba la chimanga latsamira khoma, pambali pake thumba la fetereza lotsegula, pamwamba nsapato za ana a sukulu, pakona botolo la mankhwala a thonje. Amayi a pakhomo amati, "Alangizi, nyumba yatichepera." Koma ndikakweza maso, kuyambira m'chiuno mpaka kudenga mulibe kanthu. Akulu adati walira mvula walira matope. Mvula imene tikuipempherayi ndiyo imabweretsa chinyezi chokwera kuchokera pansi, kaya ndi pa dothi lozira kaya ndi pa simenti, ndipo khoma nalo limamwa madzi. Thumba logona pansi limayamba kuola kumunsi kumene maso safika, ndipo makoswe ndi mphemvu zimamanga mudzi pamene tsache silidutsa.

Tiyambe ndi zimene zingaphe munthu. Kuno timalima thonje, fodya ndi masamba kumadimba, choncho nyumba zambiri zili ndi mankhwala opopera. Onjezanipo mankhwala a makoswe, parafini, ndi mbewu ya chimanga yopakidwa mankhwala ija yofiira kapena yobiriwira. Zonsezi zichoke m'chipinda chogona, zichokenso pamene pali ufa. Malo ake ndi kanyumba kosungira makasu kapena kachipinda kena kakunja, m'bokosi lokhoma. Bokosilo mutha kulikhoma nokha ndi zidutswa za matabwa zimene akalipentala amagulitsa motchipa, kapena kugwiritsa ntchito tiranki yakale ya malata. Mahinjesi akakudulirani, dulani zidutswa ziwiri za tayala lakutha, muzikhomere pa chivindikiro ndi pa bokosi, zimatseguka bwinobwino. Pamene ndikukuuzani kuti mutulutse ndalama osanyinyirika ndi pa loko. Gulani loko, ndipo kiyi asunge munthu wamkulu. Bokosilo likhale poti mwana sangafike, koma lisapitirire mutu wanu, kuopa kuti potsitsa botolo lingakutayikireni kumaso. Mankhwala a madzi akhale mmunsi, a ufa pamwamba, ndipo chilichonse chikhale m'botolo lake lomwe munagulira, lokhala ndi malemba ake.

Chimandiwawa kwambiri ndi parafini kapena mankhwala opopera othiridwa m'botolo la zakumwa. Mwana wa zaka ziwiri amene wamva ludzu la mu Okutobala saŵerenga, amangodziwa botolo limene amamweramo. Chonde, lekani. Nazo zigubu zimene munali mankhwala si zosungiramo mchere, mafuta ophikira kapena madzi, ngakhale mutazitsuka ndi sopo. Zitsukuluzeni katatu, madziwo muthire mu sipuleya, kenaka muziboole kuti wina asazitole. Mapiritsi a kuchipatala akhale ndi kachitini kawokawo m'nyumba, pamalo ouma, okwera, kutali ndi mankhwala a kumunda.

Tsopano chakudya. Matumba a chimanga, nshawa, soya ndi nyemba amafuna thandala lalifupi. Ikani njerwa zootcha 6, zitatu uku zitatu uku, goneketsani milimo iwiri yolimba pamwamba pake, ndiye yalani mitengo yowongoka kapena nsungwi mopingasa, n'kumanga. Thumba likhale pafupifupi masentimita 15 kuchokera pansi, ndipo pakati pa matumba ndi khoma musiye mpata wa theka la mita, woti mudutse ndi tsache, mphaka nayenso adutse. Posanja, mzere wachiwiri upingase woyamba kuti mulu usagwe. Mukapeza paleti yakale kwa ogulitsa katundu m'tauni, imagwira ntchito yomweyo, bola ikhale yoyera, yosatayikira oilo kapena mankhwala.

Koma thandala silingapulumutse mbewu yoikidwa yaiwisi. Chimanga chosunga chiyenera kuuma mpaka chinyezi chake chitsike kufika pa 13 peresenti. Ambiri timayesa ndi mano, ndipo chouma chimalira poswa. Njira ina yodalirika ndi ya mchere. Tengani botolo la galasi louma bwino, thiranimo chimanga chosafika theka, onjezani masipuni awiri kapena atatu a mchere umene mwauyanika padzuwa, tsekani, khutchumulani, dikirani mphindi 15, khutchumulaninso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa, pa mphasa kapena pa tenti, osati pa dothi.

Nkhaniyi ndimaikakamira chifukwa cha chuku. Nkhungu ina yomera pa chimanga ndi pa nshawa zonyowa imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo amalepheretsa ana kukula bwino. Kuphika sikumupha, kukazinga sikumupha. Mukukumbukira kuti mu 2024 boma lidachenjeza dziko lonse za ufa umene udapezeka ndi poizoni ameneyu, agalu ambiri atafa. Ife a kum'mawa ndife eni nshawa m'Zambia muno, kuyambira Chalimbana wa makolo mpaka MGV 4 ndi MGV 5 za ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Msekera, ndipo nsinjiro zimalowa m'phala la mwana tsiku ndi tsiku. Choncho nshawa muzisunge ndi makoko ake, musende zokhazo zimene mukufuna kudya kapena kugulitsa. Ndipo chizolowezi chowaza madzi pa nshawa kuti zifewe posenda chithe, chifukwa madzi amenewo ndiwo amadzutsa chuku. Zofota, zothyoka ndi zakuda zitayeni. Musazisinje, musapatsenso nkhuku.

Amene mungakwanitse, matumba a PICS ndi abwino. Ali ndi mapepala awiri a pulasitiki m'kati ndi saka kunja, ndipo mukamanga lililonse palokha mpweya sulowa, anankafumbwe amafa okha popanda mankhwala. Koma thumba lotere likabooka latha ntchito, ndiye thandala lake lisakhale ndi msomali wotuluka kapena nsungwi yakuthwa. Yalanipo katoni. Amene mumathira mankhwala a ufa monga Actellic kapena Shumba, tsatani muyeso wolembedwa pa chitini, osati wa pa maso.

Fetereza akhale ndi thandala lakelake, m'chipinda china. Urea amakoka chinyezi mumpweya, ndipo thumba lake likakhala pansi kapena losamanga pakamwa, mudzalipeza lauma gwa ngati mwala tsiku lomwe mukufuna kubereketsa chimanga.

Za mapoto, mbale, mabuku a ana ndi zina zotero, shelefu yosavuta kuposa zonse ndi ya njerwa ndi matabwa. Siifuna msomali ngakhale umodzi, ndipo n'chifukwa chake ndimailangiza kwa anzathu a lendi amene eni nyumba amawaletsa kukhoma khoma. Tsiku losamuka mumangophwasula n'kukweza pa ngolo. Thabwa likhale lochindikala masentimita awiri ndi theka. Yambani ndi njerwa imodzi pansi kumbali zonse, yalani kachidutswa ka pulasitiki pamwamba pa njerwayo kuti chinyezi chisalowe m'thabwa, ikani thabwa loyamba, sanjani njerwa zitatu kapena zinayi mbali iliyonse, ikani lachiwiri, n'kuteronso. Thabwa likakhala lalitali, mizati ya njerwa isatalikirane kupitirira masentimita 70, apo ayi lidzapinda pakati. Kuti muone ngati lakhala mowongoka, gonekani botolo la madzi losadzaza pamwamba pake. Kampweya ka m'botolo kakathawira mbali imodzi, mbali imeneyo yakwera. Shelefu yotere isapitirire m'chiuno mwa munthu wamkulu, chifukwa ana amakwera chilichonse, ndipo njerwa yogwera pa mwana si nkhani yamasewera. Zolemera pansi, zopepuka pamwamba.

Kumene kuli nsungwi, matabwa safunikanso. Sankhani zokhwima, za zaka zitatu kupita m'tsogolo, zimene khungu lake lasiya kuwala. Zanthete zimafumbwa msanga. Dulani m'chilimwe, ndipo ngati zili m'malo a mudzi yambani mwapempha kwa amfumu. Mukazimiza m'madzi kwa milungu ingapo, zotsekemera za m'kati zimene tizilombo timatsata zimachepa. Kenaka muziumitse pamthunzi. Nsungwi imang'ambika mukaikhoma msomali mwachindunji, ndiye muyambe mwaboola ndi msomali wootcha pa mbaula, kapena musakhome n'komwe, mumange. Chipata ndi tauni ya njinga, machubu akutha ali mbwee kwa okonza njinga m'mbali mwa msewu. Adulenidulene malegeni, mumange nawo mokoka pamene nsungwi zakumana. Mfundo ya malegeni imagwira zolimba m'nyumba. Panja dzuwa limaidya, ndiye kumeneko gwiritsani waya kapena luzi.

Nsungwi imodzi yowongoka, yopachikidwa ndi waya ku mtanda wa denga, imachotsa zovala zonse pa bedi ndi m'masaka. M'nyumba ya zidina kapena ya dothi msomali sugwira, umangogumula khoma, choncho chilichonse chopachika chichokere kudenga. Pa waya uliwonse lowetsani chivindikiro cha chitini chobooledwa pakati, chikhale chopendapenda. Khoswe wotsika ndi waya akafika pamenepo amaterereka. Njira yomweyo imateteza dengu la ufa kapena la mfutso lopachikidwa kukhitchini. Ngala za chimanga cha makolo zosungira mbewu zipachikeni pamwamba pa moto monga ankachitira agogo athu, utsi uziziteteza.

Zigubu za malita 20 zimene munali mafuta ophikira, mukazitsuka n'kudula mbali imodzi yaikulu, chogwirira n'kuchisiya, zimasanduka madirowa okoka pa shelefu kapena pansi pa bedi: china cha nsapato, china cha mayunifolomu, china cha zipangizo za njinga. M'mphepete modulamo mupalepo ndi mpeni kuti musacheke zala. Saka la ufa la makilogalamu 25 mukalisokerera matumba ang'onoang'ono n'kulipachika kuseri kwa chitseko, lisunga zipeso, miswachi, tochi ndi chaja ya foni. Masaka a fetereza, ngakhale ochapa, akhale a nsapato ndi makasu okha, osati a chakudya.

Mapepala ndiwo ambiri amawaiwala mpaka tsiku limene denga ladontha kapena chiswe chalowa m'katoni. Chitupa cha NRC, makhadi a ana a kusikelo, masatifiketi a sukulu, mapepala a munda ndi a kopaletivu, zonsezi kuzipezanso zikawonongeka ndi maulendo a ku boma ndi ndalama za transipoti. Ziikeni m'pepala la pulasitiki, kenaka m'kabaketi kokhala ndi chivindikiro chothina kapena m'chitini chachikulu, pa thabwa lapamwamba. Bambo ndi mayi nonse mudziwe pamene zili, kuti mwana akadwala usiku pasakhale kugwedeza nyumba yonse kufuna khadi. Amene muli ndi foni yojambula, jambulaninso pepala lililonse.

Panja, thandala la mbale lisasowe. Mitengo inayi ya mphanda yokumbira pansi, msinkhu wa m'chiuno, nsungwi zong'amba pamwamba zotalikirana pang'ono kuti madzi azidontha, pamalo pamene dzuwa limawomba. Pansi pake kumbani kadzenje mudzazemo miyala kuti pasachite matope oitana nkhumba ndi abakha. Ndowa ya madzi akumwa ikhale pa kampando kake m'nyumba, yovindikira, ndi kapu yotungira yopachikidwa pambali, osati yoyandama m'madzimo.

Mdani wa ntchito yonseyi ndi chiswe. Miyendo ya thandala la panja muiwaule pamoto mbali yolowa m'dothi, kapena muipake oilo wakutha wa galimoto kumunsi kokha, kutali ndi pamene pakhala mbale. M'nyumba mtengo usakhudze dothi. Mwendo uliwonse uime pa njerwa yootcha kapena pa mwala wafulati. Nkhokwe nayo ikwere mita imodzi kuchokera pansi, mwendo uliwonse uvale lata lopinda loyang'ana pansi lotchinga makoswe, ndipo udzu wozungulira ulambulidwe. Kamodzi pa mlungu, potsesa, weramani muyang'ane kumunsi kwa mathandala ndi kuseri kwa matumba. Mukaona kanjira ka dothi kakukwera pa njerwa, kagumuleni pomwepo, mutsate kumene kachokera, muthirepo phulusa, ndipo mawa lake muyang'anenso. Mabowo a m'khoma ndi a pansi pa chitseko muwamate ndi dothi kapena simenti, ngakhale aang'ono, chifukwa kabowo kolowa pensulo kamakwanira kakhoswe kakang'ono kulowa.